Memory Banda ndi nkhondo yothetsa maukwati a ana

Pa 14 Febuluwale 2017, Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko la Malawi kuti aliyense amene sanakwanitse zaka 18 aziwerengedwa kuti ndi mwana, ndipo potero inatseka mpata umene unkalola mwana wa zaka 15 kulowa m'banja malinga makolo ake avomere. Mwa achinyamata amene anamenyera kusinthaku, wodziwika kwambiri ndi Memory Banda, amene anabadwa mu 1996 n'kukulira m'boma la Chiradzulu, ndipo mbiri yake ikukhudza kwambiri midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Diamphwe, kuyambira ku Mitundu mpaka ku Nathenje, kumene kukwatiwa msanga kwa atsikana sikunatheretu.

Ntchito ya Banda inayambira pakhomo pa makolo ake. Mng'ono wake anatenga pathupi ali ndi zaka 11 atachokera ku chinamwali, kumene atsikana ankalangizidwa kusasa fumbi, womwe ndi mwambo woti namwali agone ndi mwamuna akangotuluka kutsimba, ati kuti ayeretsedwe. Banda mwini atafika zaka 13 anakana kupita kuchinamwaliko, ngakhale kuti amayi ena a pamudzi ankamunena kuti ndi wamwano ndi wosamva za akulu. Chimene anachita pambuyo pake n'chimene chimamusiyanitsa ndi omenyera ufulu ambiri: anasonkhanitsa atsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba, ena mwa iwo ataiwaliratu kagwiridwe ka cholembera, n'kuyamba kukumbutsana nawo kuwerenga ndi kulemba. Pamene ankaphunzira, atsikanawo anayamba kufotokozerana zimene ankakumana nazo m'mabanja awo, ndipo nkhani zimene kale zinkathera kumtondo ndi kuchitsime zinayamba kufika pabwalo la mfumu.

Mothandizidwa ndi bungwe la Girls Empowerment Network, atsikanawo anapempha mafumu a ku Chiradzulu kuti akhazikitse malamulo a m'mudzi oletsa kukwatitsa ana, ndipo mafumuwo anavomera. Bilu ya maukwati yoika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja itafika ku Nyumba ya Malamulo, iwo anapeza manambala a aphungu n'kumawatumizira mauthenga pa mafoni awo ang'onoang'ono, kuwapempha kuti aivomereze. Biluyo inadutsa mu Febuluwale 2015, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika anaisainira mu Epulo chaka chomwecho. Komabe lamulolo linali lopunduka, popeza lamulo wamba silingapose malamulo aakulu a dziko, amene pa nthawiyo ankalolabe ukwati wa mwana wa zaka 15, ndipo n'chifukwa chake panafunika zaka zina ziwiri za kampeni, imene Banda anatsogolera pamodzi ndi achinyamata anzake mogwirizana ndi bungwe la Plan International. Mu 2015 momwemo analankhula pa msonkhano wa TEDWomen ku Monterey m'dziko la America, kumene anayamba ndi ndakatulo ya mtsikana wina wa ku Malawi wa zaka 13, posonyeza kuti zolemba za atsikana eniake ndizo zinali maziko a ntchitoyo. Pambuyo pake anakhazikitsa bungwe la Foundation for Girls Leadership.

Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 aliwonse a zaka za pakati pa 20 ndi 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndipo chiwerengero chotere sichitsika chifukwa chakuti aphungu akweza manja. M'midzi ya Achewa ya ku Diamphwe maukwati ambiri sapita kwa DC kapena kutchalitchi, koma amamangidwa ndi ankhoswe, omwe ndi oimira mabanja a mbali ziwirizo, movomerezedwa ndi mwini mbumba, amene nthawi zambiri amakhala malume a mtsikanayo. Pamene fodya sanagulidwe bwino ndipo nkhokwe yatha mu Januwale, banja limaona mkamwini ngati dzanja lina pa khasu, ndipo mtsikana amene alibe chiphaso cha kubadwa amangowonjezeredwa zaka pakamwa. Apa lamulo lolembedwa ku Lilongwe limafooka ngati nyakwawa, ankhoswe ndi anamkungwi sakulikhulupirira, ngakhale kuti mzindawo uli pafupi kwambiri ndi Nathenje pa msewu wa M1.

Kutsidya kwa mtsinje wa Diamphwe, m'boma la Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto inasonyeza mphamvu ya ufumu pankhaniyi pamene inathetsa maukwati a ana oposa 800, n'kuimitsa paudindo mafumu ang'onoang'ono amene ankawavomereza. Koma kuthetsa banja n'kosavuta poyerekeza ndi kubwezera mtsikanayo m'kalasi. Ndondomeko yolola atsikana obereka kubwerera kusukulu inakhazikitsidwa mu 1993, koma mayi wa zaka 15 amene wakhala zaka ziwiri osagwira kope amafunika womulerera mwana, yunifolomu, ndiponso munthu woleza mtima womukumbutsa zilembo, ntchito imene m'sukulu zambiri zapulayimale za kumidzi yasiyidwa m'manja mwa magulu a amayi odzipereka amene salandira malipiro aliwonse.