Kutopa kosatha: kodi mabala a paubwana ali ndi mbali yake?

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, munthu amadziwika ndi mphamvu zake: kukoka khoka, kupalasa bwato usiku wonse, kuwerama tsiku lathunthu m'munda wa mpunga. N'chifukwa chake wina akamadandaula kutopa miyezi ndi miyezi pamene thupi likuoneka labwinobwino, achibale sachedwa kugamula mlandu. Ena amati ndi ulesi, ena amati walodzedwa. Koma alipo matenda amene madokotala amawatchula mwachidule kuti ME/CFS, omwe chizindikiro chake chachikulu ndi kutopa kopitirira miyezi 6 kumene sikutha ngakhale munthu agone bwanji. Chozunza kwambiri n'chakuti kantchito kochepa kamamugwetsa wodwalayo. Mayi akatunga ndowa imodzi ya madzi lero, mawa ndi mkuja amakhala chigonere, mutu uli zii, mfundo zikuphwanya. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika matendawa m'gulu la matenda a ubongo ndi mitsempha kuyambira mu 1969.

Funso limene lavutitsa akatswiri ndi lakuti n'chifukwa chiyani ena amawadwala pomwe anzawo sawadwala. Christine Heim, amene anali pa yunivesite ya Emory ku America, pamodzi ndi akatswiri a bungwe la zaumoyo la CDC, anayang'ana ku ubwana. Mu 2006 anafalitsa zimene anapeza mumzinda wa Wichita atayerekeza odwala 43 ndi anthu athanzi 60. Mu 2009 anabwereza kafukufukuyo m'chigawo cha Georgia ndi odwala 113 ndi athanzi 124, ndipo anapeza kuti amene anachitiridwa nkhanza ali ana, monga kugwiriridwa, kunyozedwa kapena kusalabadiridwa, anali pachiopsezo chochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Anayezanso malovu awo m'mamawa. Thupi limatulutsa timadzi totchedwa cortisol totithandiza kudzuka ndi kulimbana ndi zovuta, ndipo timadziti tinali tochepa mwa odwala okhawo amene anazunzika paubwana. Zikuoneka kuti thupi la mwana wokhala mwamantha tsiku ndi tsiku limazolowera kukhala tcheru mpaka dongosolo lake limasokonekera, ndipo kenako matenda ena, monga oyamba ndi kachilombo, akabwera amapeza khomo lili pululu.

Pali otsutsa, ndipo mawu awo ndi omveka. Oyamba amati kafukufukuyu anadalira zimene akuluakulu amakumbukira, pamene munthu wodwala amakumbukira zowawa kuposa wathanzi. Amatinso njira yosankhira odwalawo inali yotakata moti inalowetsamo anthu amene vuto lawo lenileni linali kukhumudwa. Zimenezi n'zoona, ndipo zikutikakamiza kunena kuti nkhanza zimangowonjezera chiopsezo, si kuti ndizo gwero lokhalo. Odwala ambiri anakulira m'mabanja achikondi. Otsutsa achiwiri ndi odwala eniake, amene amaopa kuti nkhani ya ubwana idzakhala njira yatsopano yowauzira kuti "ndi maganizo chabe". Mantha awo ali ndi maziko, pakuti kwa zaka zambiri ankauzidwa kuti azingolimbikira masewero olimbitsa thupi, mpaka mu 2021 pamene bungwe la zaumoyo la NICE ku Britain linachotsa malangizo amenewo. Komatu umboni wa malovu uja ukuwaikira kumbuyo odwalawo. Ngati nkhanza zimasintha kagwiridwe ka ntchito ka thupi, ndiye kuti ululuwo ndi wa m'thupi ndithu, ndipo palibe chifukwa chouzira munthu kuti angoiwala zakale.

Kwa ife kuno nkhaniyi siili patali. Kafukufuku wa boma wa mu 2013 wokhudza nkhanza kwa ana, amene anachitika mothandizidwa ndi UNICEF, anapeza kuti Amalawi awiri mwa atatu alionse anachitiridwapo nkhanza ali ana, ndipo mtsikana mmodzi mwa asanu anachitiridwa nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18. Tikawonjezapo ana amasiye, ana amene amachezera padoko kudikira kunyamula usipa m'malo mopita kusukulu, komanso amene anaona madzi osefukira akukokolola nyumba zawo ku Dwangwa mu February 2024, tiona kuti matupi ang'onoang'ono ambiri akusenza katundu woposa msinkhu wawo.

Ngakhale zili choncho, kungakhale kulakwa kwakukulu kuthamangira dzina la ME/CFS munthu wa ku Nkhotakota akatopa. Dera lino lili ndi malungo ndi likodzo, zomwe zimachepetsa magazi. Midzi yoyandikana ndi nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota imadziwa kaodzera, wofalitsidwa ndi kashembe, amene amapha akapanda kuchizidwa. Palinso chifuwa chachikulu, HIV ndi shuga. Onsewa amayezeka ndipo ali ndi mankhwala, choncho poyambira ndi pa chipatala cha boma cha Nkhotakota, cha St Anne's kapena chilichonse chapafupi. Zoyeza zikatuluka bwino koma kutopa kukupitirira, wodwalayo akhulupiriridwe, aloledwe kugwira ntchito molingana ndi mphamvu zake, ndipo ngati ali ndi zowawa za paubwana zimene akufuna kukamba, apeze womumvetsera mosamuweruza.

Ubwana wa amene akudwala lero sungabwezedwe, koma ana amene akukwapulidwa ndi kugwiriridwa panopa tingathe kuwalanditsa. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lilipo, kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere. Inu amalume, azakhali, aphunzitsi ndi mafumu, mukamva mwana akulira usiku uliwonse kunyumba yoyandikana nanu, musanene kuti ndi za m'banja. Kaneneni.