Chinkhoswe chidathetsa ntchito ya Aunt Tiwo

M'malo ogona alendo a pa Balaka ndi pa Liwonde, bwana akamalemba wantchito amaona ngati munthuyo amatha kuchapa, kukolopa ndi kulandira alendo mwaulemu. Nanga zimatha bwanji zikadziwika kuti wantchito amene onse amamuitana kuti achemwali adabadwa ndi thupi lachimuna? Zomwe zidamugwera Tiwonge Chimbalanga zikupereka chithunzithunzi.

Tiwonge, yemwe kwawo ndi ku Thyolo, ankagwira ntchito pa Mankhoma Lodge ku Chirimba mumzinda wa Blantyre. Ankavala zachizimayi ndipo anthu ankangomuti Aunt Tiwo. Iye wakhala akunenetsa kuti ndi mkazi. Pa Chingerezi, munthu wotere amatchedwa transgender.

Zinthu zidatembenuka pa 26 December 2009 pomwe Tiwonge adachita chinkhoswe ndi Steven Monjeza pamalo ake a ntchito omwewo. Nkhani itatuluka m'nyuzipepala, apolisi adanjata awiriwa pa 28 December. Khoti lidamva kuti bwana wa Tiwonge adamuvulitsa pamaso pa amayi ena pofuna kudzionera yekha.

Pa 20 May 2010, majisitireti Nyakwawa Usiwa-Usiwa adagamula kuti akaseweze zaka 14 kundende. Patangodutsa masiku 9, mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Bingu wa Mutharika, adawakhululukira atakumana ndi mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon.

Ufulu udabwera, koma ntchito idapita. Mu 2011 Tiwonge adathawira ku Cape Town m'dziko la South Africa komwe bungwe la Gender DynamiX lidamuthandiza.

Kodi malamulo akuti chiyani? Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa tsankho, ndipo gawo 5 la lamulo la ntchito la 2000 limaletsa bwana kusala wantchito chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Koma anthu ngati Tiwonge satchulidwamo mwachindunji. Mbali inayi, pa 28 June 2024, khoti loona za malamulo aakulu lidakana pempho la Jana Gonani wa ku Mangochi, yemwenso adabadwa ndi thupi lachimuna koma amadziona kuti ndi mkazi, loti lithetse malamulo oletsa kugonana kwa amuna okhaokha.

Choncho wantchito wotere akaulula za moyo wake, amaika pachiswe malipiro, nyumba ya lendi, ngakhale ufulu. Akasowa chochita, amavutikanso ndi makolo kumudzi amene amadikira kangachepe ka feteleza pakutha pa mwezi.

Mabanja a ku Rivirivi akhoza kusiyana maganizo pankhaniyi malinga ndi chikhulupiriro chawo. Komatu ngakhale khoti silidamve zoti Aunt Tiwo ankalephera ntchito. Manja ake adali omwewo. Chidasintha ndi maso a anthu.