Chifukwa chake mawindo a pa kompyuta amaoneka momwe alili

Ogwira ntchito m'boma ambiri amatsegula ndi kutseka mawindo a pa kompyuta tsiku lililonse, koma maonekedwe a timabokosi timeneti anatenga zaka pafupifupi 20 kuti akhazikike. Cholinga chachikulu cha akatswiri chinali chakuti munthu wa mu ofesi asamasokoneze ntchito yake.

Mwachitsanzo, mlangizi wa zausodzi ku Salima amene akulemba lipoti la utaka womwe asodzi apha pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, amafuna zinthu ziwiri pamaso pake: chiwerengero cha nsomba pa windo limodzi, lipotilo pa lina. Akapanda kuzindikira windo lomwe likulandira zolemba, manambala amalowa polakwika ndipo lipoti lopita kulikulu limanama.

Vutoli ndi lakale. M'zaka za m'ma 1970, kampani ya Xerox ku Palo Alto m'dziko la America inayamba kuyesa mawindo osanjikizana ngati mapepala a patebulo, ndipo funso linabuka pomwepo: kodi pepala lapamwamba ndi liti?

Kompyuta ya Macintosh, yomwe kampani ya Apple inatulutsa m'chaka cha 1984, inali ndi sikirini yaing'ono yoonetsa zoyera ndi zakuda zokha. Posowa mitundu ina yosiyanitsira, akatswiri anajambula timizere topingasa pamutu pa windo lomwe likugwira ntchito, mitu ya mawindo enawo n'kukhala yopanda timizere. Anaikanso kamthunzi m'mphepete mwa windo kuti lizioneka ngati lili pamwamba pa linzake. Zinali zinthu zazing'ono, koma diso linkafikira pamalo oyenera.

Kampani ya Microsoft inayamba mosiyana. Windows 1.0 ya mu 1985 inkandandalika mawindo moyandikana ngati njerwa, moti munthu akatsegula lachitatu, ena aja ankachepa. Windows 2.0 ya mu 1987 ndiyo inalola kusanjikiza, ndipo mu 1988 Apple inakasuma kukhoti ponena kuti yaberedwa luso, koma mlanduwo sunaikomere. Mu 1990, Windows 3.0 inabwera ndi mabatani otuwa ooneka otukuka, omwe ankabonyoka munthu akawadina.

Komabe kusanjikizako kunabala vuto lina. Windo linkatha kubisala kuseri kwa linzake, mwiniwake n'kuganiza kuti ntchito yake yafufutika. Windows 95 inathana ndi zimenezi poika mzere m'munsi mwa sikirini wosonyeza mawindo onse otsegula. Inaikanso chizindikiro cha X chotsekera pangodya yakumanja, kumtunda.

Apa pokha akatswiriwo sanaganize mofatsa, chifukwa X anamuika moyandikana ndi batani lokulitsira windo, ndipo dzanja likaphonya pang'ono, lipoti limatsekeka. Chomwe chimapulumutsa mlangizi uja ndi kawindo kofunsa ngati akufuna kusunga zomwe walemba, komwe ambiri amakadina asanakawerenge.