Mpikisano Wosathamanga: Njinga Zamoto Zokwera Miyala



Mukamva za mpikisano wa njinga zamoto, mwina muganiza za anthu a liwiro la mphepo, fumbi lili koboo m'mbuyo mwao. Lero tikambirana mpikisano wa mtundu wina. Mu mpikisano umenewu wopambana sindiye wofika msanga ai, koma iye amene wadutsa pa miyala, m'matope ndi m'mitsinje osaponda pansi ndi phazi. Masewerawa achedwa trials, ndiko kunena kuti mayeso, pakuti ayesa luso la wokwera pamodzi ndi kulimba kwa njinga yake.

Kumene anayambira

Masewerawa anayambira ku Britain pamene njinga zamoto zinali zacilendo ndipo miseu yambiri inali yoipa. Opanga njinga anafuna kuonetsa ogula kuti makina ao sangafere pa njira. M'caka ca 1909 ku Scotland kunayamba mpikisano umene lero uchedwa Scottish Six Days Trial. Ucitika mwezi wa May m'mapiri a pafupi ndi tauni ya Fort William, ndipo utenga masiku asanu ndi limodzi. Mu 1914 Alfred Scott, wopanga njinga zamoto wa ku Yorkshire, anayambitsa wina wochedwa Scott Trial.

Njinga zoyambazo zinali zolemera. Zinthu zinasintha pamene Sammy Miller, katswiri wobadwira ku Belfast, anathandiza kampani ya Bultaco ya ku Spain kupanga njinga yopepuka yochedwa Sherpa T. Mu 1965 iye anapambana nayo ku Scotland, ndipo aka kanali koyamba kuti njinga yosapangidwa ku Britain ipambane kumeneko. Mpikisano wa dziko lonse lapansi unayamba mu 1975, ndipo anapambana ndi Martin Lampkin. Mwana wake Dougie Lampkin anapambana zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana, kuyambira 1997 kufikira 2003. Toni Bou wa ku Spain anaposa pamenepo, pakuti anapambana caka ndi caka kuyambira 2007 kufikira 2024. Inu atsikana musaganize kuti awa ndi masewera a amuna okha: Laia Sanz, nayenso wa ku Spain, anapambana mpikisano wa akazi wa dziko lonse mu 2000 ndi zaka zambiri zotsatira.

Mmene awerengera

Njira ya mpikisano igawidwa m'zigawo zazifupi zimene malire ake aikidwa zizindikiro. Pa cigawo ciliconse paima woyang'anira. Wokwera akaponda pansi kamodzi alandira pointi 1, kawiri mapointi 2, katatu kapena kuposa mapointi 3. Akagwa, kapena akatuluka kunja kwa malire, alandira mapointi 5. Akadutsa osaponda pansi konse, alembedwa 0. Mwaona kuti mapointi apa ndi cilango; cotero wopambana ndiye amene ali ndi mapointi ocepa koposa onse.

Mapangidwe a njinga

Njinga ya trials ya masiku ano ilemera makilogalamu pafupifupi 70. Ilibe mpando, cifukwa wokwera aimirira nthawi yonse. Thanki yake ndi yaing'ono, yolowa malita awiri kapena atatu cabe a petulo. Magiya ake oyamba ndi otsika kwambiri, kotero kuti njinga itha kuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wapansi, koma ili ndi mphamvu yokwera mwala waukulu.

Cinsinsi cina cili m'matayala. Tayala la galimoto lipopedwa mpweya wa mapaundi pafupifupi 30, koma tayala la m'mbuyo la njinga iyi lilandira mapaundi 4 kapena 5 okha. Cifukwa ciani? Tayala lolimba likhudza mwala pa malo ang'ono ndipo literereka. Tayala lofewa lifungatira mwala monga mmene dzanja lifumbatira dzira, motero ligwira zolimba. Koma cenjerani: zimenezi ziyenera pa miyala, poyenda pang'onopang'ono. Pa mseu wa tala tayala lofewa litentha, ndipo lingagwetse munthu.

Kukwera kwake

Wokwera wanzeru ayamba wayenda ndi miyendo m'cigawo conse. Aona mwala wogwedera, muzu woterera ndi dzenje lobisika m'madzi, nasankha pamene gudumu lidzapita. Akakwera, aimirira pa zopondera, mawondo atapinda pang'ono, kuti thupi likhale lomasuka kusuntha. Pokwera citunda asendeza thupi kutsogolo kuti gudumu la kutsogolo lisanyamuke mopitirira. Potsika abweza thupi m'mbuyo kuti asagubuduke. Maso ake sakhala pa gudumu, koma patsogolo pamene afuna kufika, pakuti njinga itsata kumene maso apenya. Cala cimodzi cikhala pa kilachi, cina pa buleki, ndipo moto auonjezera pang'onopang'ono. Akauonjezera mwadzidzidzi, gudumu lingozungulira pamodzimodzi ndi kukumba matope. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'masewera awa wodekha ndiye apita kutali.

Palibe wokwera aloledwa kulowa mu mpikisano wopanda cisoti colimba. Avalanso nsapato zazitali ndi magolovesi, cifukwa ngakhale akatswiri amagwa.

Kusamala njinga

Njinga yoyenda m'matope ifuna cisamaliro tsiku lililonse imene yagwira nchito. Coyamba ndi kuitsuka, pakuti dothi libisa zolakwika. Ikauma, mwini wake aona zinthu izi.

Sefa ya mpweya. Injini ipuma monga ife. Sefa ikadzala fumbi injini ibanika. Ikang'ambika mcenga ulowa ndi kudya zitsulo za m'kati. Aitsuke, aiumitse, aipake mafuta ake, naibwezere bwino.

Cheni. Cikalimba kwambiri cingaduke, cikalendewera cingacoke. Acimange pa muyeso ndi kucithira mafuta.

Masipoko. Akawagogoda ndi sipanala, olimba alira bwino, koma womasuka amveka mopanda moyo. Mmodzi womasuka akalekereredwa, gudumu lonse lipindika.

Madzi oziziritsa injini. Popeza njinga iyi iyenda pang'onopang'ono, mphepo siiziziritsa mokwanira. N'cifukwa cake za masiku ano zili ndi madzi ndi kafani. Madzi akacepa injini ipsa.

Mafuta. Njinga zambiri za trials zili ndi injini imene oilo wake asakanizidwa ndi petulo. Muyeso wake ulembedwa m'buku la opanga njingayo. Woiwala oilo aononga injini m'mphindi zocepa.

Ikafa pa njira

Injini ikakana kulira, makaniko afunsa mafunso atatu: kodi petulo afika? Kodi mpweya ulowa? Kodi pulagi itulutsa moto? Pulagi yabwino ikhala yofiirira ndi youma. Yakuda ndi yonyowa iyenera kupukutidwa kapena kusinthidwa.

Bvuto lalikulu ndi pamene njinga yagwera mu mtsinje. Apa wokwera asayese kuiliza. Mpweya utha kupanikizika, koma madzi sapanikizika. Cotero akakakamiza injini yodzala madzi, citsulo ca m'kati cingapindike. Acotse pulagi, apendeketse njinga, aponde kiki kambiri kuti madzi atuluke pa bowo la pulagi, afinye sefa, ndipo pamenepo abwezere zonse. Akafika kunyumba aone oilo wa magiya. Ngati waoneka ngati mkaka, ndiye kuti walowa madzi ndipo asinthidwe.

Phunziro kwa ife

Mwina ambiri a inu simudzalowa mu mpikisano wotere. Koma ganizani za alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo amene afika m'midzi mwathu pa njinga zamoto nthawi ya dzinja. Iwo akumana ndi matope ndi mitsinje yomweyo. Njinga ikafa cifukwa ca cheni cosathiridwa mafuta, mankhwala safika kwa odwala tsiku limenelo. Kusamala makina ndiko kusamala anthu amene makinawo atumikira.

Nchito ya m'kalasi

Aphunzitsi, lembani mizere iwiri pa bwalo, yotalikirana mapazi atatu, ndipo yaitali mayadi khumi. Ana apite pakati pake mmodzimmodzi pa njinga yakapalasa, pang'onopang'ono monga angathere. Anzao awerenge mapointi monga tafotokozera. Pambuyo pake ayankhe mafunso awa:

1. N'cifukwa ciani njinga ya trials ilibe mpando?
2. Kodi tayala lofewa lithandiza bwanji pa mwala, ndipo liopsa bwanji pa mseu wa tala?
3. Wokwera waponda pansi kawiri m'cigawo coyamba, wagwa m'caciwiri, wadutsa bwino m'cacitatu. Ali ndi mapointi angati?

Tsalani bwino, ana, kufikira tidzakumanenso m'phunziro lotsatira.