Dolo pa dothi, mlendo pa kapinga: yang'anani bwalo musanabetche pa tenesi

Pa 9 June 2013, Rafael Nadal ananyamula chikho cha Roland Garros ku Paris kachisanu ndi chitatu. Patangotha masiku 15, analongedza zikwama ku Wimbledon atagonja pa ndime yoyamba penipeni. Amene anamutulutsa ndi Steve Darcis wa ku Belgium, yemwe anali pa nambala 135 padziko lonse, ndipo Nadal sanalawe set ngakhale imodzi. Munthu yemweyo, mwezi womwewo, koma pansi pomwe ankaponda panali patasintha.

Sikanali kamodzi kokha. Mu 2012 anagonja kwa Lukas Rosol, wa nambala 100. Mu 2014 anamuthira pansi ndi Nick Kyrgios, mnyamata wa zaka 19 yemwe anali pa nambala 144. Mu 2015 kunabwera Dustin Brown, wa nambala 102. Zaka zinayi zondondozana, pa kapinga wa Wimbledon, Nadal ankagwetsedwa ndi anthu amene ambirife sitinkawadziwa n'komwe. Pomwe pa dothi la ku Paris anapambana masewero 112, n'kugonja anayi okha, n'kutengako zikho 14.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa cha kalendala. Maligi a mpira a ku Ulaya akatsekera kumapeto kwa May, anzanga obetcha pa foni sapuma nawo. Amatsikatsika pa app mpaka apeze tenesi, aone dzina lodziwika lili ndi ma odds a 1.15, n'kuliponya pa tikiti ngati kandiwo kowonjezera. Mukawafunsa, yankho ndi lakuti ameneyo ndi nambala wani aise, sangaluze. Chonsecho imeneyi ndi nthawi yomwe tenesi imasamuka pa dothi kupita pa kapinga, nthawi yomwe nambala ya munthu imanama kwambiri.

Dothi la ku Roland Garros si dothi la kudimba. Pamwamba pake ndi njerwa zofiira zoperedwa. Mpira ukagwa, fumbilo limaugwira, liwiro limachepa, ndipo umanjanja m'mwamba. Wolandira amakhala ndi nthawi youthamangira, choncho kuti point imodzi ithe pamafunika kubwezerana kambirimbiri. Apa m'pomwe wodziwa masewero amaonekera, chifukwa mwayi ungakuthandize kawiri katatu, osati maola atatu. Nadal, ndi mkono wake wamanzere, ankamenya mpira wozungulira kwambiri moti ukanjanja unkafika m'mapewa mwa mdani. Kubweza mpira wotero masana onse ndi chibalo.

Pa kapinga zinthu zimatembenuka. Ku Wimbledon udzu amaumweta kufika mamilimita 8, ndipo mpira ukagunda pansi umaterereka, sunjanja kwenikweni. Munthu wamtali wa serve yamphamvu amakhala mfumu pa game iliyonse yomwe akuyambitsa iye. Kuti mutenge set mosavuta mumayenera kumulanda mdani game yake yoyambitsa, koma pa kapinga mpata umenewo umasowa ngati mvula ya mu September. Zikafika 6-6 amapita ku tie-break, komwe wofika pa mapointi 7 atasiya mnzake ndi awiri ndiye watenga set. Kuphonya kamodzi kokha, ntchito ya ola lathunthu yapita. Ma set awiri oyamba a Darcis ndi Nadal anathera ku tie-break. Ndipo ndi pa kapinga yemweyu pomwe John Isner ndi Nicolas Mahut, mu 2010, anasewera maola 11 ndi mphindi 5, set yomaliza n'kuthera 70-68, chifukwa aliyense ankakanika kuthyola serve ya mnzake.

Ndiye kwa ine mfundo yaikulu ndi iyi: dothi limatalikitsa mtunda pakati pa katswiri ndi wosewera wamba, pomwe kapinga amaufupikitsa. Goran Ivanisevic anatenga Wimbledon mu 2001 ali pa nambala 125. Marketa Vondrousova anaitenga mu 2023 asali m'gulu la osewera 32 oikidwa patsogolo.

Mtundu wachitatu ndi bwalo lolimba, la konkire kapena phula lokutidwa ndi utoto wapadera, ngati la Australian Open ndi US Open. Mpira umanjanja mofanana nthawi zonse, ndipo mipikisano yambiri pachaka imaseweredwa pamenepa. Apa m'pomwe mndandanda wa osewera umatisocheretsa. Umawerengera mapointi a masabata 52 apitawo osasankha kuti anapezeka pa bwalo lanji. Munthu atha kukwera pamwamba ndi mapointi a pa konkire, koma pa dothi ali mlendo. Pete Sampras anatenga Wimbledon kasanu ndi kawiri, koma ku Roland Garros sanafikepo mu fainolo. Daniil Medvedev anagonja pa ndime yoyamba ku Paris zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 2017 mpaka 2020. Mu 2023 anatenga chikho cha pa dothi ku Rome, anthu n'kumati basi waphunzira, koma atafika ku Paris ali wachiwiri pa mndandanda anatulutsidwanso pa ndime yoyamba ndi Thiago Seyboth Wild wa ku Brazil. Ngakhale eni ake a Wimbledon sankaukhulupirira mndandandawu. Kuyambira 2002 mpaka 2019 ankasanja amuna poonjezerapo zotsatira zawo za pa kapinga.

Komabe musatenge izi ngati lamulo la pamwala. Iga Swiatek wa ku Poland, mwini zikho zinayi za Roland Garros, ankadziwika kuti kapinga samuyanja. Mu 2024, ali nambala wani, anatuluka ku Wimbledon pa ndime yachitatu. Chaka chotsatira anabwerera komweko n'kutenga chikho, atachapa Amanda Anisimova 6-0, 6-0 mu fainolo. Carlos Alcaraz anatenga Paris ndi Wimbledon m'chaka chimodzi, 2024. Osewera amaphunzira, ndipo dothi nalo silifanana paliponse: ku Madrid, komwe kuli pamtunda wa mamita oposa 600, mpira umathamanga kuposa ku Rome kapena ku Paris.

Tsopano tibwere ku ndalama, poti m'pomwe pagona nkhani. Zonse ndafotokozazi makampani obetchetsa amazidziwa, ndipo anaziika kale mu ma odds musanatsegule foni. Ali ndi makompyuta osunga zotsatira za wosewera aliyense pa bwalo lililonse. Ndi chifukwa chake osewera awiri omwewo atha kusinthana malo, wina kukhala woyembekezeka kupambana mu May, mnzakeyo mu July. Pamwamba pa izi kampani imadulako gawo lake: osewera ofanana mphamvu sapatsidwa 2.00 aliyense, amapatsidwa ochepera apo. Amene angakuuzeni pa WhatsApp kuti ali ndi chinsinsi cha mabwalo, mutumize kaye ndalama kuti akuuzeni, akungofuna kudyera pa inu.

Chimene kudziwa bwalo kumathandiza ndi kukuletsani kukhulupirira dzina. Ine ndikamaona masewero, ndisanayang'ane nambala ya munthu, ndimafunsa kuti akusewera pa chiyani, wachitapo zotani pa bwalo lotere zaka ziwiri zapitazi, ndipo mdani wake serve yake ndi yotani. Ndimafunsanso kutalika kwa masewero. Mu mipikisano inayi ikuluikulu amuna amayenera kutenga ma set atatu kuti apambane, pomwe akazi, komanso amuna m'mipikisano ina, amafunika awiri okha. Masewero akafupika, wonyozekayo safunika kutentha kwa nthawi yaitali.

Masamu a 1.20 nawo ndi ouma. Mukaika K5,000, mukapambana mumalandira K6,000, phindu K1,000. Kuluza kamodzi kumafufuta phindu la maulendo asanu. Mukasonkhanitsa madolo asanu a 1.20 pa tikiti imodzi, ma odds amakwera kufika pafupifupi 2.49, zooneka bwino ndithu pa sikirini. Koma ngakhale titavomereza kuti aliyense mwa asanuwo amapambana kasanu pa maulendo 6 alionse, matikiti 6 mwa 10 otere amafa. Ndipo m'sabata yoyamba ya Wimbledon, udzu ukadali wobiriwira ndi woterera, ambiri mwa madolowo amakhala atachoka pa dothi masabata atatu okha apitawo.