Kuyenda pamwamba pa nyanja: ayezi wa kunja ndi matope a Chilwa

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phiri la Mulanje kudzera pa Fort Lister, m'boma la Phalombe, amaona chinthu chimene anthu ambiri a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amangochiona mufiriji. M'mamawa ena, makamaka usiku wake kukakhala kunalibe mitambo, udzu wa pamwamba pa phirilo umayera mbee ndi chisanu, ndipo madzi otsalira m'timaenje ta pamiyala amapezeka ataundana. Ayezi wake amakhala wopyapyala ngati galasi la pawindo, ndipo dzuwa likangokwera pang'ono amasungunuka.

Chakumpoto, boma lomweli limathera m'nyanja ya Chilwa, imene limagawana ndi maboma a Zomba ndi Machinga. Nyanja imeneyi siundana. Komabe pali zaka zimene anthu amayenda pansi pamalo omwe kale pankadutsa mabwato, chifukwa Chilwa imaphwa. Munthu woyenda pamatope ouma a Chilwa ndi munthu woyenda pa ayezi wa nyanja za ku Canada kapena ku Finland ali pachiopsezo chofanana: onse adalira chikhakha cholimba chimene pansi pake pali zofewa, ndipo maso okha sangawauze kuti chikhakhacho n'chochindikala bwanji.

Chimene chimasiyanitsa phiri ndi nyanja m'boma limodzi ndi kutalika kwa malo. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera. Nyanja ya Chilwa ili pa mamita pafupifupi 630 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Kusiyana kumeneku kumapereka madigiri pafupifupi 15. Ngati msodzi wa ku Swang'oma akuwotha moto usiku wa madigiri 13, ndiye kuti pa Sapitwa kuzizira kwatsika kale kupitirira pa ziro, pomwe madzi amayamba kuundana.

Mitambo nayo ili ndi mbali yake. Imagwira ntchito ngati bulangete, kubweza kutentha kumene nthaka imataya usiku. N'chifukwa chake chisanu chimagwa kwambiri usiku wa nyenyezi zowala, osati masiku a chiperoni. Koma wina asanamizike kuti chiperoni ndiye chabwino. Nkhungu ndi mvula yamawawa zimanyowetsa zovala, ndipo thupi lonyowa limataya kutentha msanga kuposa louma. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil amene anakwera yekha kulunjika ku Sapitwa m'mwezi wa Julayi anafa ndi kuzizira, ndipo thupi lake linapezeka patapita masiku ambiri. Paphiri la Mulanje, ayezi woopsa si wa padziwe ayi, koma wa pamiyala yotsetsereka imene madzi amayenderera. Wosamala amadikira dzuwa liombe kaye pamiyalapo asanayambe ulendo.

Kuti nyanja yonse iundane, usiku umodzi wozizira sukwanira. Madzi amasunga kutentha nthawi yaitali, moti pamafunika masiku ambiri otsatizana, ngakhale milungu, mpweya uli pansi pa ziro usana ndi usiku. Kuno kwathu zimenezi sizichitika ngakhale pa Sapitwa, chifukwa dzuwa la masana limabweza kutentha konse kumene kunatayika usiku. Chilwa ilinso ndi chotchinga china. Mitsinje monga Phalombe, Sombani, Likangala ndi Domasi imathira m'nyanjayi, koma palibe mtsinje wotulukamo. Madzi amachoka pouluka ndi dzuwa basi, n'kusiya mchere. Madzi amchere amachedwa kuundana. A m'nyanja zikuluzikulu za dziko lapansi amaundana pa madigiri pafupifupi 2 kunsi kwa ziro.

Kumaiko ozizira, kaundanidwe ka nyanja kali ndi chodabwitsa chake. Zinthu zambiri zikamazizira zimafinyikira pamodzi n'kumalemera. Madzi amatero mpaka atafika pa madigiri 4, ndipo akazizira kupitirira pamenepo amayambanso kupepuka. Choncho nyengo yozizira ikamayamba, madzi a pamwamba amazizira n'kumira, ofunda a pansi n'kukwera, mpaka nyanja yonse itafika pa madigiri 4. Kuyambira pamenepo madzi ozizira kwambiri amakhala pamwamba, ndipo ndi amene amaundana. Ayezi amapepuka kuposa madzi ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo khumi, n'chifukwa chake amayandama m'botolo ndi m'nyanja momwe. Akangophimba nyanja, amasanduka chivindikiro chotchinjiriza madzi a pansi ku mphepo yozizira, ndipo nsomba zimapitiriza moyo wawo. Madzi akanakhala kuti amaundana kuyambira pansi, nyanja zambiri za kumpoto kwa dziko lapansi zikanakhala zopanda nsomba.

Chivindikiro chimenechi chikakhwima chimanyamula zolemera zosayembekezeka. Mu 1904, pa nkhondo ya pakati pa Russia ndi Japan, njanji inayalidwa pamwamba pa ayezi wa nyanja ya Baikal, mabogi n'kumakokedwa ndi akavalo. Kuyambira mu Novembala 1941, asilikali a Germany atazinga mzinda wa Leningrad, malole ankadutsa pa ayezi wa nyanja ya Ladoga kukasiya chakudya ndi kukatulutsa anthu, ngakhale ena mwa malolewo ankamira. Mpaka lero kumpoto kwa Canada kuli misewu imene imatsegulidwa milungu yochepa chabe pachaka, yodutsa pa nyanja zoundana kupita ku migodi ya dayamondi.

Anthu a kumeneko sakhulupirira maso. Amaboola ayezi n'kumuyeza. Nthambi yoona zachilengedwe ya dera la Minnesota ku America imalangiza kuti munthu asaponde ayezi wosakwana masentimita 10, ndipo bungwe la Red Cross la ku Canada limakweza mlingowo kufika pa masentimita 15 kwa munthu mmodzi ndi masentimita 20 kwa gulu. Miyeso imeneyi ndi ya ayezi watsopano, woonekera mkati, wooneka mobiriwira kapena modera chifukwa cha madzi a pansi pake. Ayezi woyera, wosakanikirana ndi chipale chofewa, mphamvu zake ndi theka chabe. Wotuwa ndiye wosayenera kupondedwa n'komwe, chifukwa kutuwako kumasonyeza kuti muli madzi. Nyanja imodzi siundana mofanana paliponse. Pothira mtsinje, pansi pa mlatho, pafupi ndi mabango, ndi pomwe pali kasupe, ayezi amakhala wopyapyala ngakhale pamtunda wa mamita ochepa pali ponyamula galimoto. Pamtsinje ndiye posadalirika kwenikweni, chifukwa madzi oyenda amadya ayezi kuchokera kunsi, ndipo wogweramo amakokedwera pansi pa chivindikiro pomwe palibe potulukira.

Nkhaniyi ikukhudza mabanja ambiri kuposa momwe ikuonekera. Amalawi ochuluka tsopano ali pasukulu kapena pantchito ku Britain, ku Ireland, ku Canada ndi ku America, ena ali ndi ana aang'ono amene amaona dziwe loundana koyamba m'moyo wawo m'mwezi wa Disembala, kuno mvula ili pakati. Choopsa kwambiri chili m'maiko monga Britain ndi Ireland, komwe kumazizira mokwanira kuphimba dziwe koma mosakwanira kulimbitsa chivindikirocho. Pa 11 Disembala 2022, ana anayi aamuna, wamng'ono wa zaka 6 ndi wamkulu wa zaka 11, anagwera m'nyanja yaing'ono ya Babbs Mill ku Solihull, pafupi ndi Birmingham, ayezi atasweka, ndipo onse anamwalira. Kwa kholo la ku Malawi lokhala kumeneko, malangizo a masentimita aja alibe ntchito kwenikweni. Choti mwana auzidwe n'chakuti padziwe loundana sapondapo, ngakhale mpira kapena galu atapita pamenepo.

Munthu akagwera m'madzi oterewa, chimene chimamupha msanga si kuzizira kwa thupi lonse ayi, koma kubanika kwa mphindi yoyamba. Madzi ozizira akakhudza khungu, munthu amakoka mpweya mwadzidzidzi mosafuna, ndipo ngati mutu uli m'madzi amamwa madziwo. Pulofesa Gordon Giesbrecht wa payunivesite ya Manitoba ku Canada, yemwe wafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, anaifupikitsa m'manambala atatu: mphindi imodzi yoti munthu akhazikitse kapumidwe kake, mphindi pafupifupi 10 zimene manja ndi miyendo zimagwirabe ntchito, ndi pafupifupi ola limodzi asanakomoke ndi kuzizira. Wogwayo atembenukire kumene anachokera, chifukwa ayezi wa kumeneko anamunyamula kale. Ayale manja pamwamba pa ayeziyo, amenye miyendo ngati akusambira kuti thupi ligone chopingasa, akwawe ndi mimba, ndipo akatuluka asaimirire koma agubuduke mpaka atatalikira. Wofuna kupulumutsa mnzake asathamangire pamalopo. Aime pamtunda kapena agone chafufumimba, n'kuponya chingwe, nthambi yaitali kapena chovala.

Mfundo yogona pansi m'malo moimirira ndi imene ikutibwezera ku Chilwa. Munthu woima amaika kulemera kwake konse pa mapazi awiri. Wogona amakugawa pamalo aakulu. Ayezi ndi matope zimamvera lamulo limeneli mofanana.

Chilwa ndi nyanja yosaya, yofanana ndi mbale yafulati, ndipo m'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu. Mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, madzi amathawa gombe mtunda wautali. Nyanjayi inaphweratu mu 1968 ndi mu 1995, inachepa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 mabwato anangoti mbwee pamatope padoko la Kachulu ku Zomba, pomwe anthu amakwerera popita pachilumba cha Chisi. Zikatere matemba ndi makumba amasowa pamsika, asodzi amatsika m'zimbowera, nyumba zawo zoyandama za m'njedza, ndipo pansi pa nyanja pamasanduka njira, msipu wa ng'ombe, ngakhalenso minda.

Pansi pa Chilwa pali dothi lamakande losalala, limene mitsinje yakhala ikutsitsa kwa zaka zosawerengeka. Dzuwa limaumitsa pamwamba pokha, n'kupanga chikhakha chong'aluka, nthawi zina choyera ndi mchere. Monga ayezi atchinjiriza madzi ku mphepo, chikhakhachi chimatchinjiriza matope a pansi ku dzuwa, moti amakhala ofewa kwa miyezi. Malo osadalirika ndi omwe aja: pothira mitsinje, m'mphepete mwa njedza, m'ngalande zakale za mabwato, ndi pafupi ndi madzi otsala. Dothi lakuda lonyezimira, la ming'alu yochepa kapena yosaya, limasonyeza kuti chinyontho chili pafupi. Ming'alu yakuya ndi yotakasuka imasonyeza kuti kuuma kwalowa pansi, ngakhale kamvula kamodzi kokha kangathe kusintha zonsezo. Ndodo yaitali imagwira ntchito imene chobowolera chimagwira ku Canada, ndipo njira yopondedwa kale ndi eni dera imaposa njira yachidule ya mlendo.

Matope sameza munthu yense monga amaonetsera m'mafilimu, chifukwa ndi olemera kuposa thupi la munthu. Vuto lake ndi kugwira. Wotitimira mpaka m'ntchafu akamayesa kuzula mwendo umodzi molunjika, winawo umalowa kwambiri, ndipo mphamvu zimatha msanga. Chothandiza ndi kutaya katundu, kutsamira chagada kapena kugona pandodo, n'kumasula mwendo umodzi pang'onopang'ono, kenaka kukwawa kubwerera komwe wachokera. Pa ayezi mdani ndi kuzizira, koma pa Chilwa ndi dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala, pamalo opanda mthunzi ngakhale wa chitsamba, pomwe madzi otsala ndi amchere ndiponso osayenera kumwa. Munthu wogwidwa ndi matope ali yekha masana otere angafooke asanapezedwe. Ng'ombe, yolemera kwambiri koma ya ziboda zazing'ono, imatitimira pomwe mbusa wake wadutsa bwinobwino.

Namondwe Freddy, amene anasakaza kwambiri Phalombe mu Malichi 2023, anasiya Chilwa itadzaza, ndipo pomwe anthu ankayenda pansi mu 2018 panabwerera mabwato. Koma mbiri ya nyanjayi ikusonyeza kuti idzaphwanso. Ikamaphwa, nsomba zotsala, makamaka milamba, zimathawira m'maiwe a pothira mitsinje ndi m'madambo monga Mpoto, m'boma la Phalombe. M'chilala cha 1995, mafumu pamodzi ndi nthambi yoona za usodzi analetsa kupha nsomba ndi katupe m'malo oterewa, pofuna kusunga mbewu yoti idzadzazenso nyanja madzi akabwerera. Maiwe amenewa ndi amene amakoka anthu ambiri m'chaka cha njala, ndipo ndi pomwenso matope amakhala akuya kuposa pena paliponse.