NDUNA YA M'THUPI IMENE KACIROMBO KAMAIMANGA MANJA

CHADIZA: Pabwalo la mfumu ya Acewa m'boma lino, kaya kwa Mfumu Zingalume, kwa Mlolo kapena kwa Mwangala, mau a mfumu sayenda okha. Mfumu ikalamula kuti anthu alambule mseu, pamafunika nduna yonyamula lamulolo ndi kukalitula kwa nyakwawa za m'midzi. Nduna ikapanda kunyamuka, lamulo limagona pabwalo pomwepo ndipo mseu umamera thengo.

Akatswiri a zaumoyo anapeza kuti m'thupi la munthu mulinso nduna yotere. Dzina lake ndi p300, ndipo nkhani yake ikhudza nyumba iri yonse imene muli mai kapena mtsikana, popeza kacirombo koyambitsa khansa ya khomo la ciberekero kamalimbana ndi nduna yomweyi. Mwa khansa zonse, imeneyi ndiyo imagwira amai ambiri m'dziko la Zambia.

MALANGIZO OBADWA NAO

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso tochedwa maselo. Mkati mwa selo muli ulusi wochedwa DNA, umene mwana amalandira theka kwa atate ake ndi theka kwa amai ake. Paulusiwu pali malangizo pafupifupi 20,000 a kapangidwe ka thupi, ndipo langizo limodzi lichedwa jini. Majini amenewa asasokonezedwe ndi mizimu yoipa ija imachulidwa kwa asing'anga. Iwo ndi cibadwa cimene cimacititsa mwana kufanana ndi makolo ake.

Ulusi wa m'selo limodzi utatambasulidwa ungatalike mamita awiri. Kuti ukwane m'kacipinda kakang'ono cotere, unakulungidwa zolimba monga luzi pa kamtengo, ndi kuikidwa m'mitolo 46 yokhala iwiriiwiri. Jini lokulungidwa silingawerengedwe. Thupi likafuna kugwiritsa nchito langizo lina, malo amene pali langizolo ayenera kuyamba amasulidwa.

Kumasula kumeneku ndiyo nchito ya p300. Iyo ndi puloteni imene thupi limapanga potsata jini lochedwa EP300, lopezeka pa mtolo wa nambala 22. Siisankha yokha jini loti liwerengedwe. Pali mapuloteni ena olamula amene amakhala pa jinilo ndi kuiitana, ndipo ikafika imaika kacizindikiro pa timitengo tokulungira ulusi tija. Pomwepo ulusi umalekerera, langizo limakoperedwa, ndipo selo limayamba nchito. Wolamula popanda womasula sangathe kanthu, monga ananenera akulu kuti mutu umodzi susenza denga.

Jini la p300 linazindikiridwa bwino m'caka ca 1994 mumzinda wa Boston ku America, ndi gulu lotsogozedwa ndi Dr. David Livingston. Ameneyu si mmishonale uja anafera kwa Chitambo mu 1873, angofanana maina cabe. Mu 1993 akatswiri ena anali atapeza kale mbale wake wa p300 wochedwa CBP, ndipo mu 1996 kunadziwika kuti onse awiri amagwira nchito yomasula ulusi.

MLONDA WA SELO

Pakati pa olamula amene amadalira p300 pali puloteni ina yochedwa p53, imene inapezeka mu 1979. Iyo ndi mlonda wa selo. Ulusi ukaonongeka, p53 imaletsa selo kuti lisaberekane kufikira pooonongekapo patakonzedwa, ndipo kukonza kukakanika imalamula kuti selolo life. Mwa njira imeneyi thupi limazula maselo oipa asanaculuke, monga mlimi amazulira kaufiti asanayange m'munda wa cimanga. Mu 1997 kunapezeka kuti p300 imaikanso cizindikiro cake pa mlondayo ndi kumuonjezera mphamvu.

Apa ndipo pamalowera kacirombo kochedwa HPV. Kamafala pogonana, ndipo anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, amakatenga nthawi ina m'moyo wao osadziwa. Mwa ambiri thupi limakagonjetsa lokha zaka ziwiri zisanathe, koma mwa ena kamakhazikika pa khomo la ciberekero. Dr. Harald zur Hausen wa ku Germany anapeza mtundu wa nambala 16 wa kaciromboka m'zotupa za amai mu 1983, ndi wa nambala 18 mu 1984, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2008. Mitundu iwiriyi ndiyo imayambitsa khansayi mwa odwala pafupifupi 70 pa 100 ali onse.

Kaciromboka kamapanga puloteni yakeyake yochedwa E6. Nchito yoyamba ya E6 ndi kuonongetsa mlonda p53. Mu 1999 akatswiri anaonetsa kuti E6 imagwiranso nduna p300 ndi mbale wake CBP, kotero kuti ngakhale mlonda wotsalayo akafuula, palibe wonyamula lamulo lake. Selo loonongeka limapitiriza kuberekana, ana ake naonso amaberekana, mpaka pamabuka cotupa.

NTHAWI IMAKHALAPO

Cotonthoza mtima ncakuti zimenezi sizicitika usiku umodzi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti pamapita zaka 15 mpaka 20 kuti maselo oonongeka asanduke khansa. Kwa mai amene thupi lake linafooka, monga wokhala ndi kacirombo ka HIV wosamwa mankhwala, zingatenge zaka 5 mpaka 10 cabe, ndipo mai wa HIV ali pangozi kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake. M'zaka zonsezo mai samva kupweteka kuli konse. Amalima, amasinja, amatunga madzi, nthenda iri kukula mwakacetecete.

M'caka ca 2006 dziko la Zambia linayamba mu Lusaka nchito yopima amai, imene pambuyo pake inafalikira m'zigawo zonse. Namwino amapaka viniga pa khomo la ciberekero, ndipo malo oonongeka amayera. Akapezeka msanga, malowo amathanitsidwa kapena kuumitsidwa ndi cida, nthawi zambiri tsiku lomwelo, ndipo mai amabwerera kunyumba ndi miyendo yake. Kupima kumeneku nkwaulere m'zipatala za boma.

Wocedwa ndiye amaona mavuto. Cipatala cacikuru ca khansa, ca Cancer Diseases Hospital, cinatsegulidwa mu Lusaka mu 2007, ndipo kucokera ku Chadiza ndi ulendo woposa makilomita 500. Banja limagulitsa mbuzi, nshawa kapena cimanga ca m'nkhokwe kuti lipeze ndalama za basi ndi za womdikirira, munda nkutsala wopanda woupalira. Motero mai wotaya magazi atakhala malo amodzi ndi mwamuna, wotaya magazi pakati pa mwezi kapena atasiya kale kusamba, ndiponso woturuka zamadzi zonunkha, asayembekeze kukolola. Apite ku cipatala ca Chadiza kapena ku kiliniki yapafupi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

KATEMERA WA ATSIKANA

Njira yoposa zonse ndiyo kutsekera kacirombo pakhomo kasanafike pa nduna. Katemera wa HPV anayesedwa m'cigawo ca Lusaka mu 2013, anafika m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 14, ndipo mu 2023 boma linacita ndawala yobaya atsikana a zaka 9 mpaka 14. Amabayidwa ali ang'ono cifukwa katemera amateteza amene sanakumane ndi kacirombo, ndipo sacotsa kamene kanalowa kale. Mphekesera yakuti amatseka ubereki ndi yabodza. Cimene cimalanda mai ciberekero ndi khansayo.

Mu 2020 bungwe la WHO linaika colinga cakuti pofika 2030, atsikana 90 pa 100 akhale atabayidwa asanapitirire zaka 15, amai 70 pa 100 akhale atapimidwa, ndipo 90 pa 100 a opezeka ndi vuto alandire thandizo. Colinga cotere sicingakwanire m'maofesi a ku Lusaka. Cidzakwanira pamene anamkungwi aikapo mau amenewa polangiza anamwali, pamene atate alola ana ao aakazi kubayidwa kusukulu, ndiponso pamene mwamuna akweza mkazi wake pa njinga kupita naye kukapimidwa asanadwale.